Ku Kasiya, Komwe Bulu Amasenza Banja

Pamene tidanyamuka mumzinda wa Lilongwe m'mamawa wa tsiku lina Loweruka m'mwezi wa Okutobala, sitidadziwe kuti tikabwerako ndi nkhani ya abulu. Cholinga chathu chidali chokagula mtedza wambewu ku Kasiya mvula isanagwe, ndiponso kukazonda mnzathu wina amene tidaphunzira naye limodzi kalelo, yemwe adabwerera kwawo kukagwira khasu. Tidatsata msewu wa tala wodzera ku bwalo lakale la ndege, umene umalowera ku Santhe, mpaka pomwe tidapatukira kulunjika ku Kasiya.

Dziko la kumeneko ndi losalala ngati mphasa. Kumanja ndi kumanzere kudali minda yogalauzidwa kale, mizere ili ndondondo kudikira mvula yoyamba. Apa ndi apo tinkaona zigafa za fodya zopanda kanthu, mitengo ya mango italemedwa ndi zipatso zosapsa, ndi timisitu tobiriwira tomwe munthu wa kuno amadziwiratu kuti ndi kumanda, popeza ndi kokhako kumene nkhwangwa imachita manyazi. M'madambo udzu udali utauma, kwina utapsa ndi moto wa osaka mbewa.

Masiku ano dzina la Kasiya likumveka mpaka kutsidya kwa nyanja. M'chaka cha 2022 kampani ya ku Australia yotchedwa Sovereign Metals idalengeza kuti m'nthaka ya dera limeneli muli mchenga wa rutile wochuluka kuposa kwina kulikonse kumene wapezeka padziko lapansi, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto idagulako gawo la kampaniyo. Mchenga umenewu ndiwo amapangira utoto woyera ndi chitsulo chopepuka cha titanium. Izi ndi za pansi pa nthaka. Pamwamba pake, chimene tidakumana nacho kawirikawiri pamsewu ndi ngolo: zina zokokedwa ndi ng'ombe, zina ndi abulu, zitasenza njerwa, nkhuni, migolo ya madzi ndi matumba a feteleza.

Titafika, mnzathu uja adatiuza kuti mtedza wabwino uli kwa amalume ake, m'mudzi wina wapatali pang'ono ndi msika. Tidawapeza ali pansi pa mtengo akusoka lamba wansalu yolimba. Ndi bambo achikulire a imvi, olankhula modekha. Titalonjerana, tidamva kulira kwa bulu kuseri kwa nyumba, ndipo mmodzi wa ife, mwachibwana cha anthu a m'tauni, adaseka nati: "Agogo, bwanji osaweta mahatchi, nyama zaulemu, m'malo mwa ziweto zamakanizi?"

Bambowo sadakwiye. Adangoti, "Mwananga, hatchi ndidaiona pachithunzi. Bulu ndiye adaphunzitsa ana anga sukulu. Tiyeni mukawaone."

Funso la mnzathuyo lili ndi yankho lake. Mahatchi ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ambiri mwa ife tidangowamva kuti alendo amawakwera ku Kande m'boma la Nkhata Bay kapena pa phiri la Zomba. Chifukwa chachikulu ndi matenda. Ntchentche za kashembe zimafalitsa nthenda yofooketsa ziweto, ndipo palinso nthenda ina ya mahatchi ya kuno ku Africa, yofalitsidwa ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono toluma madzulo, imene imapha mahatchi ambiri amene yawagwira pamene bulu wa kuno amapirira nayo. Bulu ndi mwana wa Africa: akatswiri amati anthu adayamba kumuweta kumpoto chakum'mawa kwa Africa zaka pafupifupi 7,000 zapitazo, m'maiko ouma a udzu wochepa. Komabe hatchi ndi bulu ndi pachibale. Mimba yawo, mano awo ndi ziboda zawo zimagwira ntchito mofanana, kotero kuti zambiri zimene tidaphunzira m'khola la ku Kasiya ndi zomwenso amatsata oweta mahatchi kulikonse.

Wa bere

M'kholamo mudali abulu asanu, ndipo kholalo lidali lofoleredwa mbali imodzi. Bambowo adati ubweya wa bulu umalowa madzi msanga, choncho mvula ya usiku imamudwalitsa. Woyamba kutionetsa adali wamkazi wa bere lalikulu. Bere la bulu limatenga pafupifupi miyezi 12, pamene la hatchi limatenga miyezi 11. Mwana amakula kwambiri m'mimba m'miyezi itatu yomaliza, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene make amafuna chakudya chabwino ndi mpumulo.

Apa bambowo adakhala chete pang'ono, kenaka adatisimbira za chaka china pamene fodya adachita bwino ndipo aliyense ankafuna ngolo. Bulu wawo wamkazi adali pafupi kuswa, koma iwo poona ndalama adamumangabe pangolo tsiku ndi tsiku. Usiku wina adaswa mwana wofooka amene sadathe kuimirira, ndipo pofika m'mawa adali atafa. Makenso adadwala miyezi iwiri. "Ndalama ya sabata ziwiri idandidyera bulu amene akadandigwirira ntchito zaka 20," adatero. "Kuyambira pamenepo, bere likafika miyezi 9 ndimamumasula. Amadya msipu, madzulo ndimamupatsa masangwi a mtedza ndi madeya pang'ono."

Masangwiwo tidawaona ataunjikidwa pa thandala m'chigafa cha fodya. Anthu ambiri akakumba mtedza amasiya masamba ndi mitengo yake m'munda, kapena kuzitentha. Bambowa amazitutira pamthunzi zisadayoyoke masamba, popeza zili ndi chakudya chomanga thupi chimene mapesi a chimanga alibe. M'mwezi wa Okutobala, pamene dambo lili mbee, nkhokwe ya bulu ndi imeneyi.

Wakhanda ndi wosiya kuyamwa

Pambali padali kamwana ka miyezi inayi, ka ubweya wambiri ndi miyendo yaitali, kakuthamangathamanga mozungulira make. Mdzukulu wawo wamkazi wa zaka 14, amene ndiye amadyetsa abuluwo asanapite kusukulu, adatifotokozera za tsiku limene kadabadwa. Mwana wa bulu kapena wa hatchi wathanzi amaimirira pakangotha ola limodzi, ndipo pofika maola awiri amakhala atayamba kuyamwa. Mkaka woyamba uja, wokhuthala ndi wachikasu, ndiwo umamupatsa chitetezo ku matenda, pakuti amabadwa alibe chitetezo chake. Matumbo ake amatha kulandira chitetezocho tsiku loyamba lokha. Likadutsa, khomo latsekeka. N'chifukwa chake mwana wosayamwa pa tsiku loyamba amafuna munthu womugwirizira ku bere la make msangamsanga. Pa mchombo amapakapo mankhwala a ayodini, ndipo pogona pamayenera kukhala pouma.

Mtsikanayo adati poyamba ankakalipira kamwanako akakaona kakudya ndowe za make. Mlangizi wa ziweto ndiye adamuuza kuti asiye, popeza m'masabata oyambirira ndi mmene kamapezera tizilombo tabwino ta m'matumbo togaya udzu. Pakapita masabata ochepa kamayamba kubudula msipu potsanzira make, koma kusiya kuyamwa kumadikira mpaka miyezi 6 kapena kupitirira. Agogo akewo adawonjeza kuti bulu woyamwitsa amadya ndi kumwa kuposa onse m'khola, ndipo amene amamumanga pangolo ulendo wautali, mwana n'kutsala kunyumba tsiku lonse, amavulaza awiri nthawi imodzi. Paja m'mera mpoyamba.

Wachinyamata

Wachitatu adali wamphongo wa zaka ziwiri ndi theka, wonenepa bwino ndi wamphamvu. Ife tidati ameneyu ndiye woyenera ngolo. Bambowo adapukusa mutu, natsegula milomo ya buluyo kuti tione mano. Awiri apakati adali atagweruka ndipo aakulu adali akutuluka. Adatiphunzitsa kuwerenga zaka: mano apakati amasintha pa zaka ziwiri ndi theka, otsatira pa zaka zitatu ndi theka, a m'mphepete pa zaka zinayi ndi theka, ndipo pofika zaka zisanu m'kamwa mwadzaza mano aakulu. Wogula bulu pamsika osayang'ana m'kamwa amagula mawu a wogulitsa.

Mafupa a bulu ndi a hatchi amachedwa kukhwima, makamaka a msana. Kumusenzetsa katundu wolemera asadakwane zaka zitatu kapena zinayi kumapinda msana ndi miyendo, ndipo chilemacho sichichoka. Bambowa pa msinkhu umenewu amangomuzoloweza: kumuveka lamba, kumugwira miyendo kuti asamadzakane posema ziboda, ndi kumuyendetsa pambali pa ngolo yopanda katundu kuti amve mawu oimitsa ndi oyendetsa. Adatinso bulu wamphongo asathenedwe pamudzi ngati mbuzi, popeza amataya magazi ambiri. Ntchito imeneyo ndi ya dokotala wa ziweto.

Tidafunsa za makani amene abulu amatchuka nawo. Iwo adati bulu akaona chinthu chokayikitsa, monga mlatho wothyoka kapena matope akuya, amaima n'kuganiza, pamene hatchi akuti imathawa. Womukwapula pamenepo amangomuphunzitsa kuopa munthu. Padzanja pawo padalibe chikwapu.

Wa pangolo

Make kamwana kaja ndi bulu wina wobwereka kwa mlamu wawo ndiwo ankakoka ngolo maulendo afupiafupi masiku amenewo. Apa ndi pamene tidamva za kadyedwe. Ng'ombe imameza msipu wambiri mwachangu n'kukabzikula ili gone. Bulu ndi hatchi sabzikula. Chifu chawo ndi chaching'ono, ndipo udzu umakagayikira kumatumbo aakulu. Choncho amayenera kudya pang'onopang'ono nthawi yaitali; atasiyidwa paokha amatha maola oposa theka la tsiku akudya. Tsono taganizani bulu amene wamangidwa pangolo kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, kenaka n'kutsekeredwa m'khola lopanda kanthu poopa akuba. Adya nthawi yanji? Ambiri mwa abulu oonekera nthiti amene tidakumana nawo pamsewu sadasowe msipu wokha ayi, adasowa nthawi yodyera.

Hatchi imadya chakudya chouma cholemera pafupifupi makilogalamu awiri pa makilogalamu 100 alionse a thupi lake pa tsiku, ndipo bulu amadya mocheperako. Bulu wa makilogalamu 150 amakhuta ndi udzu wouma ndi mapesi a makilogalamu awiri kapena atatu, ndipo madeya ndi ongowonjezera pa masiku a ntchito yolemetsa. Bambowa amagwira ntchito m'mawa ndi madzulo, masana abulu ali pamthunzi, ndipo usiku amawaikira mapesi odulidwa m'khola pamodzi ndi mchere wonyambita. Madzi amatunga pa mjigo: ndowa ya malita 20 bulu mmodzi pa tsiku lotentha. Bulu amakana madzi onyansa ngakhale ali ndi ludzu, ndipo eni ake ena amanamizidwa nazo n'kumati samwa madzi.

Adatitchuliranso zinthu zimene salola kuti zifike pakamwa pa bulu. Choyamba ndi madeya kapena chimanga chachuku. Chuku cha chimanga chili ndi poizoni amene amawononga ubongo wa hatchi ndi bulu. Nyama imayamba kuyenda mozungulira, kuchita khungu, mpaka kufa. Chimene anthu akana kudya asamachitayire bulu. Chachiwiri ndi madeya ambiri nthawi imodzi, pakuti nyamazi sizitha kusanza, ndipo chikasasa m'mimba zimatupidwa kapena kudwala ziboda. Chachitatu ndi masamba a lukina, amene alimi ambiri adabzala kuti azidyetsa mbuzi ndi ng'ombe. Kwa hatchi ndi bulu, akachuluka amathothola ubweya wa pakhosi ndi kumchira. Chachinayi ndi chakudya chogula cha nkhuku, popeza china amathiramo mankhwala amene amapha nyamazi. Chomaliza ndi majumbo apulasitiki a pamsika, amene bulu wanjala amameza n'kutseka matumbo.

Lamba amene tidawapeza akusoka uja adali wa pachifuwa. M'midzi yambiri anthu amangotenga goli la ng'ombe n'kuika pakhosi pa abulu. Ng'ombe ili ndi linunda ndi khosi lolimba pomwe goli limatsamira; bulu mphamvu yake ili pachifuwa ndi m'mapewa. Goli limamupweteka khosi n'kusiya zilonda zosapola, zomwe ntchentche zimaunjikana, ndipo pa chilonda ndi pomwe kafumbata amalowera. Ena amathirapo oyilo wakuda wa galimoto, amene amangowonjezera ululu. Madzi oyera a mchere pang'ono ndi kupumitsa nyama ndiwo mankhwala oyamba. Bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la LSPCA, limene lidakhazikitsidwa ku Lilongwe mu 2008, ndi limodzi mwa amene akhala akuphunzitsa eni abulu za malamba oyenera m'malo mwa magoli.

Chinthu chimodzi adatitsindikira ndi chakuti bulu amabisa ululu. Salira, sagubuduka ngati mmene hatchi imachitira. Amangoima phee, makutu ali pansi, osadya. Bulu amene wakana chakudya tsiku lathunthu ali pangozi, ndipo mlangizi wa ziweto aitanidwe tsiku lomwelo, osadikira kuti tione mawa.

Nkhalamba

Kumapeto kwa khola kudali bulu wa imvi kumaso, msana wolowa pang'ono, maso ali tulo. Bambowo adamusisita pakhosi nthawi yaitali asadalankhule. Adati ameneyu adamugula ali mwana, ndipo wapitirira zaka 20. Ndiye adatuta njerwa za nyumba imene tidakhala pakhonde pake. Ndiyenso adakoka ngolo usiku wina wamvula pamene mpongozi wawo adayamba kudwala matenda a amayi, msewu uli matope okhaokha moti galimoto sikadafika. Mwana amene adabadwa usiku umenewo ndiye mtsikana uja amadyetsa abulu.

Bulu wosamalidwa bwino amatha kukhala zaka 30 kapena kuposa, ngakhale kuti ambiri a pangolo safika pamenepo. Mano a nyamazi amatuluka pang'onopang'ono moyo wonse kwinaku akuperepeseka ndi udzu. Paukalamba ena amatha, ena amasongoka n'kumacheka masaya. Chizindikiro chake ndi timipira ta udzu wotafunidwa togwa pansi, ndi kuonda ngakhale chakudya chilipo. Mtsikanayo amamudulira udzu tizidutswa tating'ono, amanyika madeya m'madzi kuti afewe, ndipo amamudyetsa payekha kuti anzake asamulande. Koma samupatula kutali, popeza abulu amakondana awiriawiri, ndipo wosiyanitsidwa ndi mnzake amatha kusiya kudya chifukwa cha chisoni. Ziboda zake amazisema pakapita miyezi iwiri, chifukwa bulu wosayenda pamsewu ziboda zimakula n'kupindika.

Tidafunsa ngati palibe amene adafunapo kumugula. Adati alipo adabwera, anthu achilendo osafunsa za mphamvu kapena msinkhu wa nyama, ndipo iwo adakana. Nkhani ya zikopa za abulu ndi yodziwika mu Africa muno. Zikopazi zimapita ku China komwe amapangira mankhwala otchedwa ejiao, ndipo malondawa adachepetsa abulu m'maiko angapo ndi kuchulukitsa umbava, mpaka mu Febuluwale 2024 atsogoleri a bungwe la African Union adagwirizana zoletsa kupha abulu chifukwa cha zikopa. Popeza bulu amaswa mwana mmodzi patatha chaka chathunthu, ndipo mwanayo amadikira zaka zitatu kapena zinayi kuti agwire ntchito, mudzi ukataya abulu ake sungawabwezeretse msanga. Ndipo bulu akachoka, mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi zimabwerera pamutu pa amayi ndi atsikana.

"Nanga nkhalambayi ikupindulirani chiyani, amalume?" adafunsa mnzathu uja.

"Iwe mphwanga," adayankha, "inenso ndasiya kulima ndime yaikulu. Kodi mundichotsera mbale?"

Kubwerera

Amayi a pakhomopo adatikonzera nsima ya ndiwo za nkhwani wotendera, ndipo dzuwa litapendeka tidayeza mtedza wathu. Tidagula matumba angapo, enanso adali a anthu ena opita nawo kumsika, onse pamodzi 11. Anyamata atakweza onse, bambowo adazungulira ngolo, nayang'ana mmene mtengo wake udatsamira pa abulu, nalamula kuti atatu atsitsidwe. Tidadandaula kuti kunja kukuda ndipo ulendo wachiwiri utichedwetsa. Iwo adati pali chitunda pafupi ndi dambo, ndipo wina mwa abuluwo ndi woyamwitsa. Otsalawo adabwera pa njinga.

Tidayenda pambali pa ngoloyo, kamwana kaja kakutsatira make, mtsikana uja ali kutsogolo akulankhula nawo motsitsa mawu. Panjira tidakumana ndi ngolo ina yodzaza njerwa, abulu awiri ali m'goli la ng'ombe, makosi ali zilonda, mnyamata akuwakwapula. Bambo aja adamuimitsa, nalonjerana naye mwaulemu, namufunsa za makolo ake, kenaka adamuuza kuti abwere mawa adzatenge lamba wakale amene ali naye. Mnyamatayo adavomera ndi mutu. Ngati adapitadi, ife tidali titachoka.

Owerenga athu, ambiri a inu mulibe bulu, ndipo hatchi mwina simudzaikwera. Koma njerwa za nyumba zathu, makala ndi chimanga chimene timagula zimayamba ulendo wake pa ngolo zotere. Tsiku lina mukadzachita ganyu ngolo, yang'anani khosi la nyamazo musanakambe mtengo, ndipo mwini wake akati katundu wachuluka, musamukakamize. Ife tidafika ku Lilongwe usiku, mtedza uli m'galimoto, ndipo mnzathu amene adaseka abulu m'mawa uja ndiye adatikumbutsa kuti chaka chino tikakolola tisadzatenthe masangwi.